Tifunseni: Kugawa Kanema M'machaputala pa Makina a DVD

FUNSO: Akonzi, ndinajambula kanema wa maola awiri pa chimbale cha DVD-R. Ndikafuna kuika machaputala pomwe ndikufuna, makina akukana, ndipo kanemayo amangoduka yekha pakatha mphindi 5 zilizonse. Kodi awonongeka?

YANKHO: Ayi, makina anu ali bwinobwino. Nkhani yagona pa chimbalecho. DVD-R imalembedwa kamodzi kokha, ndipo makina ambiri amaijambula m'njira ya Video mode, yomwe silola kuika chizindikiro chatsopano cha chaputala kujambula kukatha. Zomwe mukuonazo ndi za Auto Chapter, imene imaika zizindikiro yokha, kawirikawiri pa mphindi 5, 10 kapena 15 malinga ndi mmene munaitchera mu Setup.

Ngati makinawo ali ndi hard disk (chosungira makanema cha m'kati mwake), yambani mwajambulira mmenemo, Auto Chapter ili pa Off. Mukatha, tsegulani mndandanda wa zomwe mwajambula, sankhani kanemayo, lowani pa Edit n'kupeza Chapter Mark. Makina ena amalemba Divide Chapter. Seweretsani kanemayo, ndipo mukayandikira malo amene mukufuna dinani Pause, kenaka sunthani chithunzi chimodzichimodzi mpaka mufike pomwe mawu asanayambe. Apo ndiye dinani batani loika chizindikiro. Musaike chizindikirocho kanema akuyenda, chifukwa chala chimachedwa ndipo chaputala chimayambira pakati pa chiganizo. Mukaphonya palibe chotayika: Combine Chapter imachotsa chizindikirocho osakhudza kanema.

Koma chenjerani ndi Divide Title, yomwe imakhala pafupi pomwepo. Iyo imadula kanema kukhala awiri osiyana, ndipo pa makina ambiri simungawalumikizenso.

Ngati mulibe hard disk, gwiritsani ntchito DVD-RW yofomatidwa mu VR mode (njira yolola kusintha zomwe mwajambula) kapena DVD-RAM. Vuto lake n'lakuti mapuleya ambiri akale sawerenga zimbale zoterezi.

FUNSO: Ndinaika machaputala bwino pa hard disk, koma nditakopera pa chimbale onse anasowa. Ndinalakwitsa pati?

YANKHO: Mwina munakopera pa liwiro la masiku onse, lomwe kanema wa ola limodzi amatenganso ola lathunthu. Pamenepo makina amajambula kanemayo mwatsopano, ndipo ambiri amataya zizindikiro zanu n'kuika zawo. Sankhani High Speed. Njirayi imatheka pokhapokha kanema akukwana pa chimbale mmene alili: cha 4.7 GB chimatenga pafupifupi ola limodzi pa XP, awiri pa SP ndi anayi pa LP (iyi ndi milingo ya kuoneka bwino kwa kanema yomwe mumasankha pojambula). Choncho ganizirani za kutalika kwake musanayambe kujambula. Makina ena amafunanso kuti muyatsiretu chilolezo cha High Speed mu Setup kujambula kusanayambe. Mukachikumbuka mochedwa sichithandizanso.

Musadabwe chizindikiro chikasuntha pang'ono. Kanema wa DVD amasungidwa m'timagulu ta zithunzi ta pafupifupi theka la sekondi, ndipo mu Video mode chaputala chimayambira pomwe kagulu kayambira. Kumbukiraninso kuti kanema mmodzi sangapitirire machaputala 99 mu Video mode.

FUNSO: Chimbale chikusewera pa makina anga okha, kwina chikukana.

YANKHO: Simunachitseke. Chibwezereni m'makina omwe anachijambulawo, pitani pa Disc Setup, sankhani Finalize, ndipo musazimitse magetsi mpaka athe. Onetsetsani kaye kuti mayina ndi machaputala zili m'malo, poti DVD-R ikatsekedwa simungasinthenso kanthu.