Za mbiri ya azakhali

Ee, msuweni, uthenga wako ndaumva. Dikira kaye nditseke chitseko, ana akusokosera... eya. Wafunsa kuti azakhali, amayi ako aakuluwo, anayenda mayiko angati, kuti ulembe mu mbiri yokawerenga kutchalitchi. Iwe, usiku wonse uja wosagona nkhani yake n'kuwerenga mayiko? Ndimakudziwa ine. Kuyambira uli mwana, ukafuna kunena chinthu umayamba wazungulira nyumba yonse.

Chabwino, mayikowo ndikuuza. London anapita kukawonjezera maphunziro a uzamba. Nairobi anali 1987, pamsonkhano uja anakhazikitsa za uchembere wabwino, a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, ndi a World Bank. Nthawi imeneyo ankati amayi pafupifupi 500,000 amamwalira chaka chilichonse padziko lonse chifukwa cha pakati ndi pobereka, ndipo nambala imeneyo siinkachoka pakamwa pawo. Kenaka 1995 Beijing, msonkhano wa amayi wa padziko lonse uja... ayi, usalembe Beijing pokha, akanakukonza pomwepo. Iwo anali ku Huairou, kunja kwa mzinda, kumene anaika amayi a m'mabungwe. Ankati mvula, matope, misonkhano m'matenti. Geneva ndiye anapitako kangapo.

Aa, Geneva yandikumbutsa amalume ako. Hii! Iwe unali usanabadwe... kapena unali kumsana, sindikufuna kunama. Tsiku limene azakhali ankabwera ulendo woyamba uja, amalume akowo, bambo anga aang'ono, anadzuka m'mamawa, kupukuta galimoto ija, ukuidziwa, yosatseka chitseko chakumbuyo ija. Anavala jekete, kutentha konse kuja. Anauza aliyense kuti mlongo wanga akundibweretsera wotchi ya ku Switzerland. Palibe anawalonjeza, anangodziuza okha. Pabwalo la ndege anakana kuti wina aliyense agwire sutikesi, anainyamula okha, thukuta kamukamu, akumwetulira chifukwa inali yolemera. Ati kulemera kotere muli zinthu.

Kufika kunyumba, tonse tazungulira. Kutsegula, mabuku okhaokha. Mabuku a azamba, mabuku a nyimbo, ndiye pansi pake chidole, chija chophunzitsira kubereketsa, chamutu wolimba, chokulungidwa mu juzi yawo kuti chisathyoke. Bambo aang'ono anachinyamula m'mwamba chonchi, kuchiyang'ana, n'kufunsa kuti, "Mlongo, ndiye ndatuluka thukuta chifukwa cha mwana wapulasitiki?" Agogo anaseka mpaka kutsokomola. Bambo aang'ono anatuluka osatsanzika, sabata yonse osaoneka.

Koma Lamulungu lake m'mawa, hutala panja. Abwera kudzawatenga azakhali kupita nawo kutchalitchi. Ndipo sanasiyenso, zaka ndi zaka. Iwo osalowa ayi, ankakhala m'galimoto ndi nyuzipepala, zenera lotsegula pang'ono, ati kuti mphepo izilowa. Mphepo yanji, ankamvera kwaya! Azakhali sanawakakamizepo ngakhale tsiku limodzi. Potuluka ankangowauza vesi ya tsikulo, basi, n'kukwera. Mpaka tsiku lina mvula itavuta anthu anangowaona ali pabenchi yakumbuyo, chipewa m'manja. Pamaliro awo, ukukumbuka, azakhali anaika wotchi m'bokosi. Anthu ena sanamvetse. Ife tinamvetsa.

Ndimanena chiyani kodi... ee, Geneva. Ankakonda kufotokoza za tchalitchi cha St Pierre, kumene John Calvin ankalalikira, kuti mpando wake ulipobe, wamatabwa, wosaoneka n'komwe kuti ndi wa munthu wotchuka. Kulikonse akafika, asanamasule katundu, choyamba ankafunsa kuti Lamulungu ndikapemphera kuti. Chinenero asakuchimva, bola akhale pakati pa anthu opemphera.

Tsopano tamvera, ndisiye kuzungulira nanenso. Iwe sukufunsa za mayiko. Ukufunsa ngati anapita atakukwiyira, chifukwa kuchipatala kuja sunafike, ndiponso chifukwa cha mawu aja munayankhulana pa nkhani ya nyumba. Usakane, mawu ako amanjenjemera.

Sanakukwiyire. Ine ndinali nawo masiku omaliza aja, ndimawasambitsa, ndimawatembenuza. Baibulo lawo lija, lodzaza matikiti akale a ndege amene ankaikira chizindikiro, mkati mwake munali kakope kakang'ono ka mayina a anthu amene ankawapempherera m'mawa uliwonse. Maso atasiya kuona bwino, ndimawawerengera ndine. Dzina lako lili patsamba loyamba, msuweni, pamodzi ndi la mwana wako. Tsiku lina ndinalidumpha dala, ndione... ayi, sindinachite dala, tsamba linamatana. Anandigwira dzanja, ati, "Wasiya mwana wa mng'ono wanga." Mawu anali atatha kale, koma zimenezo anazinena momveka. Ndipo nditawauza kuti walephera kubwera chifukwa cha ntchito, anangoti amene sanaphonyepo maliro chifukwa cha ntchito ndani, ine ndinaphonya a bambo anga ndili London. Zimenezo zinkawapweteka moyo wawo wonse, ndiye sakanakuweruza iwe pa chinthu chomwecho.

Wandimva? Sanapite ndi mkwiyo pa iwe. Zoti mwina anadandaula ali okhaokha, poti sanakwatiwe, sanabereke, zimene anthu ena akunong'ona zija, zisiye. M'chipindamo anthu ankachita kusinthana. Azamba amene anawaphunzitsa, amayi a kutchalitchi, ena oti ife sitikuwadziwa n'komwe, kubwera kudzaimba chapansipansi mpaka anamwino kuwapempha kuti atuluke.

Ndiye mu mbirimo mayiko ulembe mwachidule, mizere iwiri yakwana, abusa anena kale kuti nthawi ndi yochepa. Malo ambiri upereke kwa azamba amene anawaphunzitsa ndi zaka zawo zamu kwaya. Za wotchi uikemo, anthu asekeko pang'ono, iwo akanakonda. Ndipo ukawerenge ndiwe, usamupatsire mkulu wako ngati mmene umachitira ukaopa. Ukaime kutsogoloko podziwa kuti anakukhululukira kalekale, mwinanso sanaone n'komwe choti akhululuke.

Ukamaliza kulemba unditumizire ndione zaka ngati zili bwino. Kakope kaja kali ndi ine, ndibwera nako Lachisanu.