Kwa mayi a lesitilanti ya ku Nchalo: za mafuta a m'sinki ndi azaumoyo aja

Mayi, funso lanu ndaliona, koma ndemanga zina zomwe zili pansi pake zikupwetekesani mukazimvera. Mwati azaumoyo a kukhonsolo anafika pa lesitilanti yanu, anavundukula dzenje la kuseri kwa khitchini, n'kukuuzani kuti mumange grease trap, kabokosi kotchera mafuta, apo ayi adzakutsekerani. Inu mukudabwa kuti kuno kulibe sewer, mapaipi otenga madzi oipa a mzinda, ngati ku Blantyre, komanso usiku uliwonse mumathira madzi otentha m'sinki, ndiye chavuta n'chiyani? Ena m'gulu muno akuti anthuwo akungofuna kangachepe. Ine ntchito yanga ndi ya mapaipi, ndimayenda kuchokera pa Dyeratu mpaka ku Bangula, ndipo pa nkhani iyi yokha ndili kumbali ya azaumoyowo.

Zoti kuno kulibe sewer n'zoona, koma mfundo imeneyo ikuluma inu nomwe. Ku Blantyre, m'madera omwe muli sewer, madzi oipa amayenda m'mapaipi a mzinda mpaka kumalo oyeretsera monga ku Soche ndi ku Manase. Paipi ikatsekeka ndi mafuta, amene amavutika ndi anyamata osamala mapaipiwo, mwini lesitilanti ali phee m'tulo. Kuno a Southern Region Water Board amakubweretserani madzi pampopi, koma palibe amene amadzawatenga mukatha kutsukira. Madziwo ali ndi njira ziwiri basi: dzenje la pamalo panu, kapena ngalande ya m'mbali mwa M1 yomwe imadutsa pakhomo pa anzanu. Choncho mafuta amene mumataya sapita kutali. Ali pompo, pansi pa mapazi anu.

Dzenje lomwetsa madzi limagwira ntchito chifukwa cha timabowo ta m'dothi ndi mipata ya pakati pa miyala. Mafuta akalowa amamata timabowoto pang'onopang'ono mpaka dothi limaleka kumwa. Ndikavundukula dzenje lotere, pamwamba pamakhala chikhungu chotuwa chokhuthala ngati chikhatho, mphemvu zili balala, pansi pake madzi akuda onunkha dzira lowola. Miyala ukaitulutsa imaterera m'manja, sugwirika. Dzenje likafika pamenepo silichira, umangokumba lina. Ndiye kumbukirani dothi lathu. Makande, dothi lakuda lomata la cha ku Ngabu, samwa madzi ngakhale opanda mafuta, nthawi ya dzinja amangofufuma n'kutseka. Kufupi ndi Shire ndi madambo nako madzi a pansi ali pafupi, ukakumba pang'ono wawapeza. Malo okumba maenje atsopano chaka ndi chaka pa tauni ngati Nchalo muwapeza kuti?

Za madzi otentha zija, n'zomwe aliyense amandiuza. Madzi otentha sachotsa mafuta, amangowasamutsa. Amasungunuka pasinki, n'kuyenda mamita angapo, paipi ikazizira pansi pa nthaka amagwiranso, ndipo tsopano agwira pomwe dzanja silifika. Wina walemba kuti ku chigwa kuno kumatentha kwambiri moti mafuta sangaundane. Inde, mu Okutobala ndi Novembala timapitirira madigiri 40, koma amene anasiyapo mbale ya nyama ya mbuzi kapena mang'ina mpaka m'mawa akudziwa kuti mafuta a nyama sasamala za kutentha kwa Chikwawa. Palinso china: mafuta akakhalitsa m'paipi amaola n'kugwirana ndi kashiamu wa m'madzi ndi wa m'simenti, n'kusanduka chinthu cholimba ngati sopo wouma. Chimenecho ngakhale muthire ketulo khumi sichisuntha. Ku London mu 2017, m'dera la Whitechapel, anapeza chimulu chotere cha matani 130, kutalika mamita 250, mafuta osakanikirana ndi zopukutira, ndipo anthu anagwira ntchito yochiswa kwa masabata ambiri. Ngati chinatseka ngalande yoti munthu amalowamo, kapaipi kanu ka mainchesi awiri kangalimbe?

Grease trap imene akunenayo si makina, musaope. Ndi kabokosi ka njerwa kopaka simenti m'kati, kokhala pakati pa sinki ndi dzenje. Madzi akalowa amaima kaye n'kuzizira. Mafuta amayandama, nyenyeswa za nsima ndi mpunga zimamira, ndipo madzi a pakati ndi okhawo amene amatuluka. Chinsinsi chonse chili pa zinthu ziwiri. Choyamba ndi khoma logawa bokosilo, lomwe limasiya mpata m'munsi kuti madzi adutse pansi pake mafuta atsale. Chachiwiri ndi paipi yotulukira: iikidwe m'munsi pang'ono kuposa yolowera, ndipo ikhale ndi cholumikizira chooneka ngati chilembo cha T, choloza pansi, kuti izitunga madzi m'kati osati pamwamba. Apa ndi pomwe amisiri ambiri amalakwitsa. Amamanga bokosi lokongola, n'kuboola paipi yotulukira pamwamba penipeni pomwe pali mafuta, ndiye mwangolipira njerwa pachabe. Mmisiri wanu akamamanga, imani pomwepo muone T imeneyo ndi maso anu. Kukula kwake kumayenderana ndi madzi omwe mumataya nthawi imodzi, makamaka masana anthu akatha kudya. Kabokosi kakachepa, madzi amangodutsa osapuma, mafuta n'kupita nawo. Paipi ya kuchimbudzi isalowemo zivute zitani, ya madzi a mvula a padenga nayonso ayi.

Kumanga ndi kophweka, pomwe anthu amagonja ndi pa kukokolola. Mizinda yambiri ya kunja imatsata lamulo lakuti mafuta a pamwamba ndi matope a pansi akakwana gawo limodzi mwa magawo anayi a kuya kwa madzi, bokosi lichotsedwe zonse. Inu tengani ndodo, muilowetse mpaka pansi, muone pomwe pathera mafuta. Malo ophika kanyenya ndi tchipisi tsiku lonse, musadikire mwezi. M'mawa madzi ali ozizira, wengulani mafutawo ndi chitini choboola, musakanize ndi phulusa kapena utuchi, mukakwirire kapena mutaye ndi zinyalala. Dzenje lililonse la zoipa likhale mamita osachepera 30 kuchokera pa mjigo kapena chitsime. Soda wowotcha uja musathire, amangotsegulira mafuta njira yopita kudzenje, komanso anyamata anu adzapsa naye manja.

Mafuta a m'chiwaya akada asalowe m'sinki n'komwe, ngakhale muli ndi bokosi. Asiyeni azizire, athireni m'chigubu. Alipo amayi opanga sopo amene amawafuna. Mbale ndi mapoto ziyambe zapalidwa m'ndowa zisanaone madzi, ndipo pakamwa pa sinki pakhale kasefa. Zimenezi zokha zimachepetsa ntchito ya bokosi kwambiri, ndipo zotsala m'ndowazo woweta nkhumba adzakuthokozani.

Tsopano za kangachepe zija. Azaumoyo ali ndi mphamvu yolowa pamalo ogulitsa zakudya. Lamulo la zaumoyo la 1948 limaletsa ngalande ndi maenje omwe akusautsa anthu kapena kuopseza moyo, ndipo la maboma ang'onoang'ono la 1998 limalola makhonsolo kupanga malamulo awo a m'dera. Wodziwa ntchito amachita zomwe mwafotokozazo: amavundukula, amayeza, amatsatira paipi kuti aone komwe ikuthera, kenako amafunsa chiphaso cha bizinesi ndi makalata a kuchipatala a ophika. Kumbali yanu, muli ndi ufulu wopempha chitupa chawo cha ntchito. Apempheni akulembereni papepala chomwe chalakwika ndi tsiku lomwe adzabwerenso. Ngati pali chindapusa, kalipireni ku ofesi, mulandire lisiti ya khonsolo. Wokana lisiti ndiye wolakwa, mukamunenere kwa mkulu wa zaumoyo paboma. Koma ngakhale mutam'patsa wina ndalama m'manja kuti atseke maso, dzenje lanu lidzasefukirabe, ndipo makasitomala mphuno ali nazo.

Chomwe chikuwathamangitsa azaumoyo tonse tikuchidziwa. Mafuta paokha sayambitsa kolera. Koma paipi ikatsekeka, madzi oipa amabwerera pabwalo ndi pakhitchini, ndipo ngati sinki ndi chimbudzi zimathira dzenje limodzi, zobwererazo si madzi otsukira okha. Pambuyo pa namondwe wa Ana ndi Gombe mu 2022, Nsanje inali m'gulu la maboma oyamba kugwidwa ndi mliri wa kolera uja womwe unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, kenako namondwe wa Freddy anabwera mu Marichi 2023 n'kusefukiritsa maenje m'chigwa monse. N'chifukwa chake bokosi lanu mulimange mvula isanagwe, milomo yake ikwere njerwa ziwiri kapena zitatu pamwamba pa nthaka kuti madzi oyenda asalowemo, ndipo chivundikiro chikhale choti munthu mmodzi angathe kunyamula. Chikalemera, palibe amene adzachitsegule. Ngati malowo ndi alendi, kambiranani ndi eni nyumba musanagule simenti, chifukwa dzenje lomwe likutetezedwalo ndi lawo, ndipo ambiri amavomera kuchotsera pa lendi akamva mtengo wokumba latsopano.