Ku FNB ndinabwerako ndi nsapato imodzi

Achimwene, derby ya Kaizer Chiefs ndi Orlando Pirates pitani ndithu, koma zomwe mwafunsa zoti mutenge alamu athu ndi ana awiriwo ku bwalo la mpira la FNB, taimani kaye. Ndangowerenga funso lanulo thupi lonse lachita tsembwe, ndabwerera pa 2 Disembala 2018 ngati ndi dzulo. Akale m'gulu muno nkhaniyi mukuidziwa, ena a inu munasonkha ndalama zoti ndikonzere mapepala, Mulungu akudalitseni mpaka lero. Atsopano khalani pansi mumve.

Musaganize kuti bwalolo ndimadana nalo. Ayi. Ine ndinafika kuno ku Joni mu 2009, nthawi imene ankalimanganso pokonzekera World Cup, ndipo ndikadutsa ku Nasrec ndinkatulutsa mutu pawindo la taxi ngati mwana. Analiumba ngati chipanda cha mowa chili pamoto, usiku akayatsa magetsi umachita kuona ngati pansi pake pali makala. Anthu oposa 94,000 amalowa mmenemo, Africa yonse palibe bwalo la mpira loposa limeneli. Kamuzu Stadium yathu mukhoza kuiika mkati n'kutsalabe malo ogulitsira chiwaya. Linatsegulidwa mu 1989, ndipo Mandela atatuluka m'ndende mu Febuluwale 1990 anakayankhula ndi anthu a ku Soweto mmenemo. Mwambo wa maliro a Chris Hani mu 1993 unachitikira mmenemo. Bafana inatengera chikho cha Africa mmenemo mu 1996, Mark Williams atagoletsa ziwiri zija pa Tunisia. Chigoli cha Tshabalala pa Mexico pa 11 Juni 2010 ndinaonera pa TV ya abwana ndili ndi chopukutira mbale m'manja, tikiti ndikanaigula ndi chiyani. Za Suarez wa Uruguay kugwira mpira ndi manja, Gyan wa Ghana n'kumenya mtengo pa penate, musandikumbutse, sindinadye usiku umenewo. Kulowa kwanga koyamba kunali pa 10 Disembala 2013 pa mwambo wokumbukira Mandela, ulere, mvula ikutikhuthukira tsiku lonse, Obama akuyankhula, anthu akumukuwiza Zuma, ndi mkulu uja wa chinenero cha manja amene ankangogwedeza manja zopanda mutu. Ndiye malowo ndimawakonda. Chimene chinandichitikira chinachitika kunja kwa mpanda.

Tsiku la 2 Disembala 2018 lija kunali chikondwerero cha Global Citizen, chokumbukira zaka 100 chibadwire Mandela. Mlongo wanga wamng'ono anali atangobwera kumene kuchokera ku Balaka, miyezi itatu yokha. Mtsikanayo Beyoncé amamukonda ngati wachibale. Abwana anga aakazi anali ndi matikiti awiri ndipo anadwala, anangoti tengani mukasangalale. Ine ndinati mwana wa mayi anga akaone dziko. Ndinagwirizana ndi mkulu wina wakwathu konkuno, wa galimoto ya mipando seveni, dzina sinditchula koma ena mukumudziwa, amakonda kulemba mavesi m'mawa uliwonse. Tinapangana R600 kupita ndi kubwera ku Cosmo City, ndinamupatsiratu yonse chifukwa anati alibe mafuta. Uku ndiye kupusa kwanga koyamba. Anatisiya masana n'kundilozera filling station ina chapafupi, akuti mukatuluka mundipeza pamenepo, ine sindisuntha, ndigona m'galimoto.

Mkatimo kunali bwino, sindinama. Trevor Noah akuseketsa anthu, Cassper Nyovest, Wizkid, Ed Sheeran ndi gitala lake yekha, Oprah anayankhula. Beyoncé ndi Jay-Z anakwera usiku kwambiri, mlongo wanga analira misozi yeniyeni. Ndinamujambula kavidiyo akulira akuseka. Kavidiyo kameneko palibe anakaona, ngakhale iye mwini.

Tinatuluka cha pakati pa usiku. Anthu zikwizikwi kutuluka nthawi imodzi, magalimoto atangoima osasuntha, netiweki kulibe chifukwa aliyense akuimbira wake. Mukangochoka pa magetsi a bwalo kuli mdima wa bii, mbali inayo ndi milu ya dothi la migodi ija, palibe nyumba yoti ungagogode. Tinayenda ndi khamu mpaka pa filling station ija. Galimoto palibe. Ndinazungulira kawiri nditamugwira mlongo wanga dzanja. Palibe. Ndiye ndinatulutsa foni kuti ndimuimbire mkuluyo, kupusa kwachiwiri. Ikulira osayankha. Kachiwiri osayankha. Kachitatu yazimitsidwa. Ndili chiyang'anire pa foni choncho ndinangomva anthu akukuwa kumbuyo, kenaka khamu lonse linayamba kuthamangira mbali imodzi ngati nkhuku zaona kabawi. Atsikana akugwa, nsapato zazitali zija zikuthyoka, ena akuthamangira m'sitolo ya pa filling station, a mkatimo akukankha chitseko kuti chitsekeke. Ndinaona anyamata, sindikudziwa kaya anali asanu kaya khumi, akuyenda pakati pa anthu mosathamanga n'komwe, ngati akukolola m'munda mwawo. Mmodzi anangofika pamaso panga n'kugwira dzanja langa la foni. Mwana wamng'ono, ndevu alibe, kapu yofiira. Ine m'malo mosiya ndinakoka. Wachiwiri anandimenya ndi chinachake cholimba pakhutu apa, mpaka lero khutu limeneli limalira kukazizira. Ndinagwada pansi, foni yapita. Ndikudzuka ndikuona mlongo wanga akukokedwa pa simenti ndi lamba wa kachikwama kake, chifukwa anakapachika modutsa pachifuwa monga ndinamuuzira ine mwini kunyumba, ndati ukatero sangakulande. Lambayo sankaduka. Anamukoka mtunda ngati kuchoka pakhomo kufika pa msewu, iye akungoitana "achimwene, achimwene", mawu amene ndimawamvabe ndikagona. Mnyamatayo anatulutsa mpeni, ine ndinati basi wapita mwana wa mayi anga, ndikanena chiyani ku Balaka. Anadula lamba n'kuthawa. Mawondo onse awiri ndi chigongono zinali zosupuka, diresi imene anagula ndi malipiro ake oyamba itang'ambika mpaka m'chiuno. Ndinavula shati n'kumufunditsa. Nsapato yanga yakumanzere sindikudziwa inatsala pati.

M'kachikwamamo munali mapasipoti athu onse awiri. Ndinamupatsa kuti asunge poopa kuti m'thumba la thalauza andipisa. Inu nonse mukudziwa chifukwa chake munthu wa kwathu sayenda wopanda pasipoti kuno, sindichita kufotokoza.

Tinakhala pansi pafupi ndi pampu ya mafuta mpaka cha m'ma 2 koloko, anthu ena ambiri ali chimodzimodzi, ena akutuluka magazi, ena akubwereka foni kwa amene zawo zinapulumuka. Amene anatinyamula ndi mayi wina wachizulu ndi mwamuna wake, anthu osatidziwa, anaona mtsikana akunjenjemera n'kuima. Anatifikitsa mpaka pakhomo, kutali ndi kwawo, ndalama anakana. Ndiye anthu akamati anthu a kuno onse ndi oipa ine ndimangokhala chete.

Koma wakwathu uja! Mawa lake madzulo ndinamupeza kudzera pa foni ya mnzanga. Mukudziwa anati chiyani? Akuti pepani achimwene, panali jam, ndiye ndinapeza azungu ena ofuna kupita ku Sandton, ndinati ndiwataye kaye ndibwerere, foni inatha moto. Foni inatha moto munthu uli m'galimoto yokhala ndi chaja! Anaona kuti usiku umenewo mitengo yakwera, anthu akulipira chilichonse kuti achoke pamalopo, R600 yanga anali atadya kale, ndiye anatigulitsa. Akuba aja sindiwadziwa, ndipo mwina mawa lake anali ataiwala nkhope yanga. Koma uyu tinkapemphera limodzi, nsima ya m'nyumba mwanga anadyapo, mkazi wake atabereka mayi a kunyumba anakamuchapira matewera. Sanabwere n'komwe kudzamuona mtsikanayo. Ndalama anabweza R200 patapita miyezi inayi, mochita kumukumbutsa, ndipo pobweza anati tisaiwale kuti popita anatinyamula. Mpaka lero ndikaona vesi lake m'mawa ndimatseka foni. Akuluakulu a mpingo anati tikhululukirane, ndinagwirana naye chanza pamaso pawo, koma mumtimamu ndisakunamizeni.

Za mapasipoti ndiye nkhani ina yaitali, kulemba malipoti, kupita ku Pretoria, kudikira, ntchito kujomba mpaka abwana kuyamba kuyang'ana kumbali. Mlongo wanga anakhala miyezi iwiri osatuluka pageti. Chaka chotsatira anabwerera kumudzi, akuti Joni yamukwana. Pano akugulitsa kaunjika pa Balaka ndipo nyimbo za Beyoncé zikalira amasintha siteshoni.

Tsono za derby yanuyo. Chosiyana n'chakuti imayamba masana, nthawi zambiri cha m'ma hafu pasiti 3, mumatuluka kukadali kowala kapena kukungoyamba kuda. Ndipo mkati anthu a Chiefs ndi a Pirates amakhala mosakanikirana, wa jezi yachikasu pambali pa wa yakuda, kunyozana n'kumaseka, mavuvuzela, zipewa zija za makarapa, ena atanyamula kabichi ndi buledi. Si zija za kwathu zogawana mbali Bullets uku Manoma uku. Ife Amalawi tili ndi mbali zonse, Patrick Mabedi anakhalapo kaputeni wa Chiefs, Gabadinho anamwetsa zigoli 16 ku Pirates mu 2019/20 n'kugawana nsapato yagolide ndi Shalulile. Mwana wamwamuna kukaona zimenezo sadzaiwala moyo wake wonse.

Koma choopsa cha derby chili pageti polowa. Pa 29 Julaye 2017 anthu awiri anafa pa FNB pomwepo pokankhana pa geti, Chiefs ndi Pirates zikusewera mkati, ndipo nkhani ya matikiti achinyengo inatchulidwa kwambiri. Mwezi womwewo, pa 6 Julaye, ndi pamene kwathu pa Bingu Stadium panafa anthu 8, ambiri ana, podikira Bullets ndi Silver. Ku Ellis Park pa 11 Epulo 2001 anafa 43, derby yomweyi. Nthawi zambiri ndi zomwezo, anthu afika mochedwa, amva kukuwa mkati, akufuna kulowa onse pakamodzi, wamfupi ndi amene amapita pansi. Mwana wanu wa zaka 5 uja pamenepo simungamuteteze ngakhale mutakhala ndi mphamvu bwanji. Ameneyo asiyeni kunyumba ndi amayi ake. Wa zaka 11 mukhoza kupita naye, kapena ayi, kaya, ine wanga sindinamutengeko ndipo amandidandaula chaka chilichonse. Mwina ndikumulakwira.

Tikiti gulani pa malo ovomerezeka sabata yomwe ayamba kugulitsa, za derby sizichedwa kutha. Munthu wokugulitsani panja pa bwalo, ngakhale akuyankhula Chichewa, mukaneni. Fikani maola atatu mpira usanayambe, mukadye nyama yowotcha panja mwakachetechete, mulowe mageti akadali opanda anthu. Potuluka musathamangire, khalani pampando mphindi makumi awiri khamu lipite kaye. Komanso musatsalire kwambiri, chifukwa amene amatsalira okha ndi amene amaonedwa. Foni yabwino isiyeni kunyumba, tengani kaja ka mabatani. Ngakhale pajatu masiku ano matikiti ena amakhala pa foni, ndiye kaya mutani, itengeni koma isatuluke m'thumba mukangodutsa geti. Akakugwirani musakoke ngati ine, perekani. Ndikunena choncho koma ndikudziwa kuti atabweranso lero ndikhoza kukokanso, dzanja limachita lokha. Alamu akapitabe, kachikwama kopachika pachifuwa asatenge. Pasipoti siyani kunyumba muyende ndi fotokope yodindidwa, koma mukakumana ndi wovuta panjira fotokopeyo aikana, ndiye ine pano ndimaika yeniyeniyo m'sokosi, mpira wonse ndimaonera ikundikanda pa kakolo.

Za mayendedwe musadalire munthu mmodzi, ndipo musalipiretu. Ngati mukwera basi ya Rea Vaya kapena taxi, pitani ndi gulu ndipo mubwerere ndi gulu lomwelo. Wakwathu wa galimoto musamukhulupirire chifukwa choti ndi wakwathu. Komabe mukafuna, ndili naye mnyamata wina wa ku Mangochi amene amatinyamula ife tikamapita, ameneyo amalowa nafe m'bwalo ndipo makiyi a galimoto amasunga ndine mpaka mpira kutha. Ndilembereni ku inbox ndikulumikizeni naye. Inenso derby imeneyi ndikupita, ndidzakhala nditavala yachikasu.