Kodi zinyalala za nyukiliya zidzakwiriridwa m'migodi ya Johannesburg?

FUNSO: Akonzi, kuntchito kwathu anthu akunena kuti boma la South Africa likufuna kukwirira zinyalala za nyukiliya pansi pa nthaka, mwinanso m'migodi yakale ya golide ya mumzinda uno. Kodi zimenezi n'zoona, nanga ana athu ali pachiopsezo? Ndine bambo wa ana atatu, Mmalawi wokhala ku Roodepoort.

YANKHO: Bambo, maganizo okwirira alipodi, koma za migodi ya golidezo musazitengere. Ndondomeko imene boma linavomereza mu 2005 imatchula kukwirira pansi penipeni ngati imodzi mwa njira zoti ziunikidwe, ndipo lamulo la 2008 linakhazikitsa bungwe la National Radioactive Waste Disposal Institute kuti liziyang'anira ntchito yotaya zinyalalazi. Mpaka lero dzenje lakuyalo silinakumbidwe.

Zinyalala za cheza chochepa, monga magolovesi, zovala ndi zosefera, zimatsekeredwa m'migolo yachitsulo kapena ya konkire n'kukwiriridwa m'maenje osazama ku Vaalputs, dera louma la ku Northern Cape, kuyambira 1986. Chovuta ndi ndodo za yuraniyamu zotha ntchito za ku Koeberg, pafupi ndi Cape Town, komwe Eskom yakhala ikupanga magetsi kuyambira 1984. Ndodozi zimatuluka zili zotentha komanso zikutulutsa cheza chakupha, motero zimayamba zamizidwa m'madzi kwa zaka zingapo zisanaikidwe m'mitsuko yachitsulo yochindikala, ndipo plutonium-239, chitsulo chotulutsa cheza chimene chili m'katimo, imatenga zaka pafupifupi 24,000 kuti theka lake lokha lithe mphamvu.

N'chifukwa chake malo okwirirapo amafunika thanthwe lolimba, lopanda ming'alu, losadutsa madzi. Migodi ya Johannesburg ilibe chilichonse mwa zimenezi: miyala yake inang'ambika ndi mabomba, munadzaza madzi a asidi amene amachita kupopedwa, nthaka imagwedezeka nthawi zina, ndiponso a zama zama, anthu okumba golide mozemba lamulo, amalowamo usana ndi usiku. Dziko la Finland, lomwe lili patsogolo pa ntchitoyi, linakumba ngalande zatsopano ku Onkalo, zakuya mamita oposa 400, zoti ndodo ziziikidwa m'mitsuko yamkuwa yokutidwa ndi dongo lofufuma likanyowa, kuti zikhale momwemo zaka 100,000. Ife tikuona kuti South Africa yazengereza kwambiri, pakuti zaka zoposa 40 za magetsi a Koeberg zadutsa malo okhazikika asanasankhidwe, ndipo anthu a dera limene lidzasankhidwe ayenera kufunsidwa maganizo khasu lisanagwe pansi.

Kwa ana anu, choopsa chapafupi ndi milu yachikasu ya dothi la m'migodi imene mumaiona cha ku Soweto, Riverlea ndi Kagiso. Dothilo lili ndi yuraniyamu pang'ono pamodzi ndi zitsulo zina zapoizoni, ndipo mphepo ya mu August ndi September imaliulutsira m'nyumba. Aletseni ana kuseweretsa mchenga wa pamilupo, musaumangire nyumba, ndipo madzi ochokera kumeneko musathirire ndiwo zamasamba.