Mafunso Anu: Zojambula ndi Zilembo Zikachoka pa Sikirini

Funso: Ndaitanidwa kukaonetsa ntchito zanga pachionetsero cha okonza zojambula. Ndili ndi mapositala ndi ma logo oposa 40. Ndipite nazo zonse?

Yankho: Ayi ndithu. Sankhanipo 8 kapena 10 zimene mukuzidalira, chifukwa ntchito imodzi yofooka imachotsa ulemu wa zinzake. Pansi pa iliyonse lembani mizere iwiri: inali ya chiyani, owerenga ake anali ndani, ndipo munagwiritsa ntchito fonti (kaonekedwe ka zilembo) iti. Logo muionetse kawiri, yaikulu, kenako yaing'ono ya masentimita 2, yakuda papepala loyera. Ikapanda kuwerengeka pamenepo, ndiye kuti sinathe.

Funso: Positala yanga ya A3 inali yowala bwino pa kompyuta. Itasindikizidwa, buluu anazilala, tizilembo takuda tinaoneka ngati tili ndi mthunzi, ndipo m'mphepete munatsala kamzere koyera. Ndinalakwitsa pati?

Yankho: Pali zolakwika zitatu, ndipo zonse zinachitikira mu fayilo, osati pa makina.

Sikirini imapanga mitundu ndi kuwala, njira yotchedwa RGB. Makina osindikizira amasakaniza inki zinayi, CMYK (C yabuluu, M yofiirira, Y yachikasu, K yakuda), ndipo inki singafike pa buluu wowala kapena wobiriwira wothobwa m'maso amene sikirini imaonetsa. Yambani fayilo mu CMYK, funsani osindikiza profile (fayilo yofotokoza mmene makina awo amatulutsira mitundu) imene amagwiritsa ntchito, ndipo musalole kuti asindikize zonse musanagwire pepala limodzi loyesera ndi manja anu, n'kuliona poyera masana.

Nkhani ya mthunzi ndi imene imatipweteka mtima kwambiri, popeza imawononga ntchito yabwino pa chinthu chochepa. Zilembo zakuda za RGB zikasinthidwa kupita ku CMYK, kuda kwake kumapangidwa ndi inki zonse zinayi. Inki iliyonse imadindidwa payokha. Imodzi ikaphonya ndi kachigawo ka milimita, m'mbali mwa chilembo mumatuluka kamzere kofiirira kapena kabuluu, ndipo diso limaona ngati chilembocho chikunjenjemera. Tizilembo tating'ono tikhale K 100, zina zonse 0, kutanthauza inki yakuda yokha. Kuda kosakaniza, monga C 60, M 40, Y 40, K 100, kusungireni malo aakulu okhaokha. Samalaninso ndi tizilembo toyera topyapyala pamalo akuda otere: inki imalowerera n'kutimeza.

Kamzere koyera kaja ndi ka mpeni wodulira, umene sudula ndendende pamzere nthawi zonse. Onjezani bleed (utoto wopitirira malire a pepala) ya mamilimita 3 mbali zonse. A3 ndi mamilimita 297 ndi 420, choncho utoto wanu ufike 303 ndi 426, pomwe mawu akhale mamilimita 5 mkati mwa malire. Chithunzi chodzadza A3 pa 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse) chimafuna mapikiselo 3508 ndi 4961. Tumizani PDF/X (mtundu wa PDF wokonzera kusindikiza) yokhala ndi mafonti mkati mwake.

Funso: Ndikalemba ŵ mu fonti imene ndimaikonda, pamatuluka kabokosi, nthawi zina chilembo chooneka chachilendo pakati pa zinzake. Nditani?

Yankho: Fontiyo ilibe chilembocho, ndiye pulogalamu imakabwereka ku fonti ina. N'chifukwa chake mu mawu ngati “aŵiri” chilembo chimodzi chimaoneka chonenepa kapena chachifupi kuposa zinzake. Pa Unicode (mndandanda wa manambala a zilembo pa kompyuta), ŵ ndi U+0175 ndipo Ŵ ndi U+0174. Chilembochi chimapezekanso m'chinenero cha ku Wales, kotero fonti imene yalembedwa kuti imatha chinenerocho ikuyenera kukhala nacho. Noto Sans ya Google ili nacho, ndipo chilolezo chake cha SIL Open Font License chimakulolani kuigwiritsa ntchito ngakhale pa zamalonda.

Musadziikire nokha kachipewako pamwamba pa w. Wina akadzasintha kukula kwa mawu, kamatsalira pambali. Musanasankhe fonti, lembani “aŵiri ang’onoang’ono” mu regular (wamba), bold (zonenepa) ndi italic (zopendekera), chifukwa mafonti ena ali ndi ŵ mu umodzi wokha. Yang'anitsitsaninso kachizindikiro ka pa ng’: kakhale kopindika, osati kowongoka ka pa taipilaita, ndipo kasagundane ndi g kapena kusiya mpata waukulu moti mawu amodzi n'kuoneka ngati awiri. Pamutu waukulu wa positala, mpata umenewo ukonzeni ndi dzanja.