WRX, Evo kapena Golf R? Musanalipire, werengani nambala ya chassis

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwati mwasungako ndalama, mukufuna kudziwa mmene timaitanitsira galimoto ku Japan mpaka kudzaiimika pakhomo kuno ku Zomba, ndipo mtima wanu uli pa tigalimoto tating'ono taliwiro tokoka ndi mawilo onse anayi: Subaru WRX, Lancer Evolution (Evo) kapena Golf R. Mwafunsanso ngati mungatenge ziwiri, ina yanu, ina yogulitsa. Njira ya ku Dar es Salaam ndaiyenda zaka zingapo, ndiye ndikuuzani zimene ndaona, ngakhale zina sizikukomerani.

Ndiyambe ndi pamene ndinapsa ine. Ambiri kuno timakhulupirira kuti Subaru iliyonse imakoka ndi mawilo onse. Si zoona. Ku Japan, Impreza wamba amagulitsanso yokoka ndi akutsogolo okha, ndipo poiona kunja simungaisiyanitse ndi inzake. Chimene chimaulula ndi zilembo zoyambirira za nambala ya chassis. Pa Impreza yomwe inatuluka mu 2007, GH2 ndi ya injini ya 1.5 yokoka kutsogolo kokha, GH3 ndi 1.5 yomweyo koma ya mawilo onse, GH8 ndi ya 2.0 ya turbo. Pa yotsatira yake, GP2 ndi GP6 n'zakutsogolo kokha, GP3 ndi GP7 ndiye za mawilo onse. Ine izi ndinazidziwa nditaluza kale. Aphunzitsi ena a ku Chinamwali anandituma Impreza ya mawilo onse chifukwa kumudzi kwawo kukagwa mvula msewu umasanduka phala. Wogulitsa uja analemba 4WD pansi pa chithunzi, ine osafunsanso, ndalama n'kutumiza. Tsiku loitulutsa padoko ndinagwada kuti ndione ngati sikudontha oyilo. Ndinayang'ana pomwe pamayenera kudutsa chitsulo chachitali chotumiza mphamvu ku mawilo akumbuyo, n'kupeza pali mbee, paipi ya utsi yokha. Nditatsegula boneti, pakachitsulo ka nambala panalembedwa GH2. Pepala lomwe anandipatsa ndisanalipire linali ndi zilembo zomwezo, ine ndiye sindinadziwe kuziwerenga. Aphunzitsi aja anaikana, ndipo sanalakwe. Inakhala pakhomo panga miyezi itatu, kenako ndinaigulitsa mongotaya.

Msampha womwewo uli pa Toyota GR Yaris yomwe inatuluka mu 2020. Yeniyeniyo ili ndi injini ya 1.6 ya masilinda atatu ya turbo ndipo imakoka ndi mawilo onse. Koma ku Japan kuli ina yotchedwa RS: thupi lomwelo, maonekedwe omwewo, injini 1.5 yopanda turbo, yokoka kutsogolo kokha. Mukaona GR Yaris yotsika mtengo modabwitsa, dziwani kuti ndi imeneyo.

Tsopano kayendedwe ka ntchito. Mumasankha galimoto pa intaneti kwa makampani monga BE FORWARD kapena SBT, apo ayi mumatuma munthu akakupikisanirani pa okushoni. Funsani mtengo wa CIF Dar es Salaam, womwe umaphatikiza galimoto, inshuwalansi ndi sitima. Mtengo waukulu umene amaulemba pachithunzi nthawi zambiri umakhala wa galimoto ikadali ku Japan. Akakutumizirani invoisi, ntchito yolemetsa imayamba: kupeza madola. Kubanki mukhoza kudikira ndithu, galimoto ija n'kugulidwa ndi wina. Mukalipira, amaikweza sitima ku Yokohama, Nagoya kapena Kobe, ndipo mumawerengera mwezi umodzi mpaka iwiri kuti ifike.

Miyezi imeneyi ndiyo timagona tulo tochepa. Msonkho amauwerengera pa mtengo wa madola atausintha kukhala makwacha a nthawi imene mukulipirayo. Mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, amene anali ndi galimoto pamadzi anadzuka ndalama ya msonkho yomwe anasunga itaperewera, chonsecho anali atauza kale makasitomala mtengo. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Galimoto ikadali m'sitima musaidyeretu phindu, ndipo ndalama ya msonkho muziisunga yoposa imene mwawerengera.

Sitima ikakocheza, ejenti wa ku Dar amaitulutsa pogwiritsa ntchito mapepala a sitima. Mutumizireni msanga, chifukwa masiku aulere padoko akatha, tsiku lililonse limakhala ndi mtengo wake m'madola. Amaiika nambala ya IT, yongodutsira m'dziko la Tanzania, ndiye mumaiyendetsa nokha kapena kulemba dalaivala. Njira yake ndi Morogoro, kudutsa m'nkhalango ya Mikumi komwe amaletsa kuthamanga, kukwera Kitonga, Iringa, Makambako, kukhota pa Uyole kulowera Tukuyu, mpaka Kasumulu, n'kuwoloka Songwe. Ndi makilomita oposa 900, ndipo kuchoka pa Songwe kudzera Karonga, Chiweta, Mzuzu mpaka kuno ndi ena pafupifupi omwewo. Apa ndikuchenjezeni: Vitz mukhoza kumpatsa dalaivala aliyense. WRX ayi. Mnyamata akamva turbo ikuimba mluzu pa msewu woongoka wa ku Makambako, sakumbukanso kuti galimoto ndi ya mwini. Ena amanyamulanso matola, monga mudziwa mmene ma IT amachitira kumpoto kuja. Ine yotereyi ndimakaitenga ndekha, basi ya usiku n'kupirira nayo.

Pa Songwe mumakumana ndi a MRA. Msonkho umatsata kukula kwa injini ndi zaka za galimoto: yakale kwambiri ndi ya injini yaikulu zimalipira wokwera. N'chifukwa chake WRX ya 2008 yooneka yotchipa pa foni imatha kudzafanana mtengo ndi galimoto yatsopanoko ikafika pakhomo. Malamulo ake amasinthasintha, choncho funsani ejenti wa pachipata akuwerengereni musanalipire ku Japan, osati galimoto itaima kale pa Songwe. Zikatha apo n'kupita ku Road Traffic, COF (chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu), inshuwalansi ya kuno, n'kumata nambala yanu ya ZA.

Tibwere ku galimoto zanu zitatu zija.

Evo ndiichotseretu. Ndi galimoto yabwino, mbiri yake ndi yoona: Tommi Mäkinen anapambana nayo mpikisano wa dziko lonse wa rally zaka zinayi zotsatizana, 1996 mpaka 1999. Koma Mitsubishi anasiya kuipanga, yomaliza inali Evo X, ndipo anthu osunga galimoto zosowa m'maiko olemera akuzilimbirana. Yotsika mtengo imene mungaipeze ndi yoti anyamata a ku Japan anaitopetsa kale m'mabwalo a mipikisano. Ndiye ikafa pampu yogawa mphamvu ku mawilo, kapena giyabokosi ya SST ya pa Evo X ikayamba kugwedeza, ku Ndirande ndi ku Limbe mukazungulira mpaka nsapato kutha.

Golf R ndi m'bale wake Audi S3 ndi zokoma kukhalamo kuposa zinzake, m'kati mwake mwaudongo, phokoso lochepa. Kakokedwe kake n'kosiyana ndi ka Subaru. Nthawi zambiri imayenda ndi mawilo akutsogolo, akumbuyo amalowerera kudzera pa kachipangizo kotchedwa Haldex pakafunika. Kachipangizoka kali ndi oyilo wakewake wofunika kusintha, giyabokosi ya DSG nayonso wake, ndipo kakayaka kanyale pa dashibodi pamafunika makaniko wa kompyuta. Ngati muli naye wodalirika ku Blantyre ndipo simudandaula kuyenda ulendo wodutsa pa Thondwe ndi Namadzi nthawi iliyonse ikadwala, itengeni. Ngati mumadalira makaniko wa pansi pa mtengo wa mango, isiyeni.

Yatsala Subaru, ndipo apa ndichedwapo. WRX inayamba mu 1992, ndipo Colin McRae atapambana nayo mu 1995 dzina linamveka ponseponse. Injini yake ndi yogona chammbali, masilinda awiri uku awiri uku, motero kulemera kumakhala pansi, ndipo mawilo onse amakoka nthawi zonse. Ndinakwerapo nayo msewu wa ku Ku Chawe mvula ikugwa, nkhungu itatsika, masamba a paini ali mbwee pa tala. Pa makona aja pomwe galimoto wamba imayamba kupalasa, iyo imangomata ngati nalimata pakhoma. Pamenepo ndimamvetsa chimene mukuifunira.

Koma pali mitundu iwiri imene muyenera kuisiyanitsa. STI, ya chassis GRB, GVB kapena VAB, ili ndi injini ya EJ20 ndi magiya asanu ndi limodzi osintha ndi dzanja. Injini imeneyi imayendera lamba wa timing, ndipo lambayo amasinthidwa pa makilomita 100,000. Akaduka muli paulendo, injini yapita. Ikafika, sinthani lamba musanapite nayo kulikonse, pokhapokha mutaona kapepala komata kosonyeza kuti anasintha. WRX S4, ya chassis VAG, inatuluka mu 2014: injini ya FA20 ya tcheni, horsepower 300, giyabokosi ya CVT. Iyi n'njosavuta kuyendetsa m'tauni, koma CVT yake imafuna oyilo wake weniweni, osati uja timathira m'galimoto iliyonse ya automatic. Ilinso ndi makamera awiri a EyeSight kumtunda kwa galasi lakutsogolo, othandiza kugwira mabuleki. Mwala ukaswa galasi, kusintha kokha sikukwanira, makamerawo amafunika kuwachunanso ndi makina. Ganizirani miyala imene malole amatiponyera.

Ndiye pali zimene wogulitsa sangakuuzeni chifukwa sanafikeko ku Zomba. Kukoka ndi mawilo onse sikukweza galimoto. S4 imatalikira pansi mamilimita 135 okha. Mahampu a pa Chinamwali muziwadutsa chopingasa, ndipo njira zolowera m'makomo ku Matawale kapena ku Chikanda mvula ikakokolola, bampala yakutsogolo izitsala m'njira. Ku Kachulu kapena ku Chingale nthawi ya dzinja musayerekeze: mawilo onse anayi adzazungulira bwinobwino, mimba itakhala pa mtumbira wa matope.

Matayala ndiwo amapha Subaru zambiri kuno. Chizolowezi chathu n'chakuti limodzi likaphulika timakagula lina la sekandi, kaya ndi la mtundu wanji, bola lalowa. Pa galimoto iyi onse anayi ayenera kufanana kukula, mtundu ndi kaperepesekedwe. Limodzi likamazungulira mosiyana ndi anzake, chogawa mphamvu cha pakati chimagwira ntchito osapuma, chimatentha, mapeto ake mumamva kugogoda mukamakhota. Ndiye kugula tayala kumatanthauza kugula anayi, opyapyala aja a mainchesi 17 kapena 18 amene dzenje limodzi la pamsewu wa ku Liwonde limawatupitsa chotupa. Ikafera panjiranso musalole kuikoka mawilo awiri ali m'mwamba awiri pansi, yonse ikwere pa lole.

Mafuta nawo. Galimoto za turbo zimenezi ku Japan zimamwa petulo wapamwamba, pomwe ife pa pampu tili ndi mtundu umodzi basi, wosakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Imayenda, koma musamaipondereze dzuwa lili pamutu mu Okutobala. Ndipo mafuta akasowa, mizere itafika kutali, musaithire a m'zigubu. Sienta imapirira zimenezo, injini ya turbo imabwezera.

Poisankha, funsani pepala la okushoni. Giredi 4 kapena 4.5 ndi yabwino, R ndi yoti inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Mukaona paipi ya utsi yaikulu ngati mtondo, mawotchi owonjezera pa dashibodi ndi masipuling'i odula, dziwani kuti mwini wake sankapita nayo kutchalitchi. Chinanso, galimoto zambiri za mawilo onse zimachokera kumadera a chipale monga Hokkaido, komwe amathira mchere m'misewu. Pamwamba penti imawala, kunsi dzimbiri litadya. Chikomekome cha nkhuyu. Uzani wogulitsa ajambule kunsi, pafupi ndi mawilo akumbuyo. Akamazengereza, pitani kwa wina. Wailesi yake imalekera pa 90 FM ndipo imalankhula Chijapani, koma izo n'zazing'ono, anyamata amakonza tsiku limodzi.

Za yogulitsa ija, ayi, musatenge WRX. Msika wa kuno umafuna Sienta ndi Freed zonyamula anthu, Vitz, Passo ndi Mira zosamwa mafuta, Probox ya katundu. Izo zimatuluka msanga. Yothamangayi anthu amabwera kudzaijambula, kufunsa liwiro lake, kupempha kuti muilize, n'kumapita. Ine ndimaitanitsa pokhapokha munthu waitchula yekha ndipo waperekeratu ndalama yogulira ku Japan.

Yanuyo, mukanakhala mng'ono wanga ndikanakuuzani mutenge Subaru XV ya GP7, m'bale wake wa Impreza. Injini 2.0 yopanda turbo, mawilo onse, ndipo imatalikira pansi mamilimita 200, kotero ku Ku Chawe ikwera, kumudzi ikafika, hampu siiopa. Si yaliwiro ngati WRX, zimenezo ndisakunamizeni. Ngati mtima ukukanabe ndipo mukufuna kumva turbo, S4 ya giredi 4 yosasinthidwa kalikonse ndiyo ndingakutengereni, mutandionetsa kaye kuti ndalama ya matayala anayi mwaiika padera.

Ndikunyamuka Lachinayi sabata ya mawa kukatenga Sienta ziwiri. Mukapeza imene yakusangalatsani isanafike nthawiyo, nditumizireni nambala ya chassis, pepala la okushoni ndi zithunzi za kunsi, ndiziona ndili m'basi.