Funsani Azakhali: matenda akabuka sitima ili pakati pa nyanja, amatani nawo anthu?

Mwezi uno makalata atatu abwera pa nkhani imodzi, ya sitima zija zikuluzikulu zonyamula alendo okacheza pa nyanja zamchere. Masiku ano pa Facebook ndi pa WhatsApp pangoti mbwee zolengeza ntchito za mu sitima ndipo ana athu kuno ku Zomba akuzithamangira, nde makolo mitima ili m'mwamba. Makalatawo ndawafupikitsa kuti malo akwane.

"Azakhali, mwana wanga wamkazi wapeza ntchito yokonza zipinda mu sitima ya alendo, anyamuka mvula ikatha. Ine tulo sindikupeza ayi. Ndinamva kuti nthawi ya Covid ija anthu anawatsekera mu sitima ku Japan mpaka ena kumwalira. Nde mwana wangayu akadwala pakati pa madzi popanda mbale amuthandiza ndani? Ndine mayi wa ku Chinamwali."

Mayi, zomwe munamvazo zinachitikadi, sindikunamizani. Sitimayo dzina lake Diamond Princess, inaima pa doko la Yokohama mu Febuluwale 2020 muli anthu 3,711, alendo 2,666 ndi antchito 1,045. Bambo wina amene anatsikira ku Hong Kong anapezeka ndi kachilombo, nde boma la Japan linalamula kuti aliyense abindikire m'chipinda chake masiku 14. Pomaliza anthu oposa 700 anapezeka nako, ndipo oposa 10 anamwalira, makamaka okalamba, atawatengera kale ku zipatala za kumtunda.

Koma chimene chimandiwawa ine pa nkhani imeneyi, ndipo ndi chimene chikukhudza mwana wanu, ndi ichi. Alendo atatsekeredwa m'zipinda mwao, chakudya ankawapatsira ndani? Zinyalala ankachotsa ndani, matawulo ankasintha ndani? Antchito. Iwo sanabindikire ayi, ankayendabe khomo ndi khomo katatu pa tsiku, kenako nkukadyera pamodzi kuchipinda chao chodyera, nkukagona awiriawiri kapena kuposa apo m'timakabini tating'ono ta pansi. Ofufuza anapeza kuti ambiri mwa antchito oyamba kudwala anali a ku chakudya. Nde mukamva kuti sitima aibindikiritsa dziwani kuti mlendo amakhala pa bedi kuonera TV pomwe mwana wa mnzanu akugwira ntchito kuwirikiza.

Tsopano mtima pansi pang'ono, chifukwa mwana wanu sakupita kopanda malamulo. Pali pangano la maiko lotchedwa Maritime Labour Convention, la chaka cha 2006, lomwe limateteza ogwira ntchito pa nyanja. Limanena kuti sitima yonyamula anthu 100 kapena kuposa pa maulendo odutsa maiko opitirira masiku 3 ikuyenera kukhala ndi dokotala weniweni, ndipo sitima zikuluzikuluzi zimakhala ndi kachipatala kake, madokotala, manesi, mabedi ochepa, okosijeni ndi zoyezera magazi. Wantchito akadwala salipira olo tambala, kampani ndi imene imalipira chithandizo, ndipo malipiro ake saimitsidwa nthawi imene akudwalira mu sitima. Matenda akakula amamutsitsa pa doko lapafupi, nthawi zina ndi helikopita ngati kumtunda sikutali, ndipo ulendo wobwerera kwao ndi wa kampani.

Nthenda ina imene imabuka kawirikawiri mu sitima, imene mwana wanu angakumane nayo, ndi yotsegula m'mimba ndi kusanza, ya kachilombo kotchedwa norovirus. Kameneka kamafala msanga kwabasi. Mu sitima zinthu zili ngati ku sukulu yogonera konko, anthu ambirimbiri malo amodzi, khichini imodzi, zitseko ndi zogwirira za masitepe zomwezo aliyense kugwirapo, nde mmodzi akasanzira pa khonde mawa lake odwala ndi gulu. Munthu amayamba kudwala pakatha maola 12 mpaka 48 chitengereni, amavutika tsiku limodzi mpaka atatu kenako amachira, koma kachilomboko kamakhalabe pa tebulo kapena pa chitseko masiku ambiri ngati sanapukute ndi kolorini. Wokonza zipinda ndi amene amalowa mmene mwasanziridwamo. Mumuuze asamalowe opanda magolovesi ndi masiki olo amufulumizitse bwanji.

Lamulo la antchito ndi lokhwima kuposa la alendo. Akangomva m'mimba kuti siziri bwino akuyenera kukanena ku chipatala nthawi yomweyo, amamuika payekha, ndipo ngati ali wa ku chakudya sabwerera ku ntchito mpaka atatha maola 48 osatsegula osasanza. Ana athu ambiri amabisa poopa kuti abwana awaona ngati aulesi kapena sawapatsanso kontrakiti ina, ndipo ndimawamvetsa, munthu wachokera kutali wasiya ngongole kumudzi. Koma mu sitima kubisa ndi kumene kumachotsetsa ntchito, kudwala ayi. Chonde mayi, ichi mumuuze mobwerezabwereza asananyamuke.

China, kontrakiti aiwerenge ali kuno, ndipo kope limodzi asiye m'manja mwanu pamodzi ndi dzina la sitima ndi nambala ya ofesi ya kampani. Pangano lomwe lija limaletsa ejenti kulipiritsa munthu ndalama yoti amupezere ntchito, iye amangodzilipirira pasipoti, kabuku ka ogwira ntchito pa nyanja ndi kuyezetsa m'thupi. Ngati ejenti wake akufuna ndalama zambirimbiri za malo, imani kaye mufufuze.

"Azakhali, achemwali anga amagwira ntchito ku Joni ndipo akufuna kutenga amayi athu kukakwera sitima yochokera ku Durban kupita ku zilumba za ku Mozambique. Amayi ali ndi shuga ndi BP. Eti nzoona kuti ukangotsegula m'mimba amakutsekera m'chipinda ngati wandende, ndalama zako nkupita? Ali ndi mphamvu zimenezo? Ndine mnyamata wa ku Matawale."

Mphwanga, mphamvuzo ali nazo. Tikiti ya sitima ndi kontrakiti, ndipo m'timalemba tating'ono tija timene sitiwerenga muli mawu akuti kaputeni ndi dokotala atha kukuuza kuti ukhale m'chipinda, kukukaniza kukwera ngati ukuoneka wodwala, olo kukutsitsa pa doko ngati ukukana kumvera. Koma za undendezo ayi. Mlendo wotsegula m'mimba amamupempha kukhala mu kabini mpaka patatha maola 24 chilekereni zizindikiro, chakudya amamubweretsera, nesi amamuimbira foni kumufunsa mmene akumvera. Kwa ambiri ndi tsiku limodzi kapena awiri basi. Za kubweza ndalama zimatengera kampani, ena amabwezako za masiku amene unabindikira ena amangokupatsa kuchotsera pa ulendo wina, nde achemwali afunse asanalipire ndipo yankho likhale lolemba.

Odwala akachuluka sitima yonse imasintha. Chakudya chodzigawira wekha chija amachiimitsa, amakugawira ndi antchito kuti supuni imodzi isagwiridwe ndi anthu 500, mchere ndi tsabola amachotsa pa matebulo, malo osewerera ana nthawi zina amatseka, ndipo antchito amangokhalira kupukuta ndi kolorini usana ndi usiku. Sitima zimene zimaima ku America zili pansi pa ndondomeko ya CDC, bungwe la boma la America loona za matenda, yomwe inayamba mu 1975, zimayenera kunena chiwerengero cha otsegula m'mimba zisanafike pa doko, ndipo odwala akafika 3 pa anthu 100 alionse nkhaniyo amaiika poyera pa intaneti aliyense nkuona. Amabweranso mosadziwitsa kudzayendera makhichini, matanki a madzi ndi maiwe osambiramo, nkupereka malikisi pa 100, ndipo sitima ikapeza 85 kapena kutsika yalephera. Ya ku Durban siili pansi pa America, koma malamulo a 2005 a WHO, bungwe la zaumoyo la dziko lonse lapansi, amafuna kuti kaputeni auze akuluakulu a doko ngati muli matenda, ndipo a dokowo ndi amene amaloleza kuti anthu atsike kapena ayi.

Pamenepa ndi pamene pamavuta kwambiri. Ku Yokohama anasunga anthu mkati matenda nkufalikira momwemo. Mwezi wotsatira ku Sydney anachita zosiyana, pa 19 Malichi 2020 analola alendo pafupifupi 2,700 kutsika mu sitima ya Ruby Princess zotsatira za kuyeza Covid zisanatuluke, anthu nkukwera mabasi ndi ndege kupita kwao, ndipo mazana angapo anapezeka ndi kachilomboko pambuyo pake, ena nkumwalira. Ine ndimaona kuti njira yabwino ili pakatipo, kutsitsa anthu mwadongosolo, odwala kwaokha, okhudzana nawo kwaokha, pamalo pamene pali chakudya, madzi, zimbudzi ndi munthu wowauza zoona tsiku lililonse. Ifenso tinaziona mu Meyi 2020 pamene abale athu ochokera ku South Africa anawasunga pa Kamuzu Stadium ku Blantyre, anthu oposa 400 anathawa zotsatira zisanatuluke akudandaula za chakudya ndi zimbudzi. Anthu ambiri anawanyoza nthawi imeneyo, koma ine sindinathe, munthu wa njala ali ndi mwana kumsana sungamusunge ndi mpanda wokha.

Za amayi anu tsono. Shuga ndi kutsegula m'mimba sizigwirizana, madzi amatha msanga m'thupi ndipo shuga amasokonekera, nde iwo asadikire kuti tione mawa, tsiku lomwelo apite kwa dokotala wa mu sitima. Dziwaninso kuti mlendo amalipira chipatala cha mu sitima, ndipo ndi chodula, nde inshuwalansi ya paulendo imene ikuvomereza matenda amene ali nawo kale ndi yofunika kuposa zovala zatsopano. Atenge mankhwala awo opitirira masiku a ulendo, mwina ndi sabata imodzi, mu chikwama cha m'manja, ndi kapepala ka dokotala kolemba maina a mankhwalawo. Ndipo asadalire sanitayiza, norovirus safa bwino ndi sanitayiza, chimene chimathandiza ndi sopo ndi madzi, kusamba m'manja mofatsa asanadye komanso pochokera ku chimbudzi.

"Azakhali, izi ndi za anthu olemera. Ife timawoloka ndi maboti pa Kachulu kupita ku Chisi, amuna anga amakhala miyezi pa nyanja kupha nsomba. Kolera akabuka pa madzi ife tizitani? Ndine mayi wa kufupi ndi Chilwa."

Mayi, mwafunsa bwino, ndipo kunena zoona amuna anu ali pa ngozi yaikulu kuposa mlendo wa mu sitima. Norovirus amavutitsa koma kawirikawiri munthu amachira yekha, kolera amapha munthu wamphamvu m'maola ochepa. Mliri umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 unatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo pa Chilwa nkhani ya kolera si yachilendo, asodzi a m'zimbowera, timisasa toyandama pa madzi, amamwa madzi a nyanja yomweyo imene amadzithandiziramo chifukwa kulibe kwina kolowera. Nchifukwa chake mu 2016 azaumoyo anachita kuwalondola asodzi pa nyanja pomwepo ndi katemera wa kolera wakumwa.

Mu boti mulibe dokotala, mulibe kabini yoika wodwala, koma zina mwa zimene amachita mu sitima zikuluzikulu zimatheka ndi ndowa ndi kolorini. Amuna anu asapite pa nyanja opanda mapaketi a Thanzi ORS ndi mankhwala othira m'madzi akumwa, alangizi a zaumoyo a m'dera lanu angakuuzeni kumene mungawapeze ndi muyezo wake. Thanzi akatha, madzi otetezedwa lita imodzi, shuga timasupuni ta tiyi 6 tosasefukira, mchere theka la kasupuni. Mnzao akayamba kutsegula zamadzimadzi zoyera ngati madzi otsukira mpunga, amupatse ndowa yakeyake, kapu yakeyake, womusamalira akhale mmodzi ndipo ameneyo asaphikire anzake, zonyansazo athiremo kolorini asanataye ndipo asatayire pamene ena amatunga. Wodwalayo azimwa pang'onopang'ono olo akusanza, njira yonse mpaka kumtunda.

Ndipo boti litembenuke nthawi yomweyo. Ndikudziwa kuti kusiya maukonde nsomba zikugwidwa ndi kutaya ndalama, ndipo eni maboti ena amakakamiza kuti tidikire kuche, koma kolera sadikira kuche. Ngati pali foni aimbiretu kumtunda kuti pa doko akonzekere njinga yamoto kapena galimoto, wodwalayo apite molunjika ku chipatala osadzera kunyumba, ndipo boti alitsuke ndi kolorini asanakwezemo anthu ena. Inunso amene mumakwera Ilala kupita ku Likoma kapena Nkhata Bay, mukayamba kutsegula kapena kusanza muli m'njira uzani ogwira ntchito mu sitimamo msanga, musadikire kuti mukafike kwanu.

Makalata ena awiri okhudza pasipoti ndi maejenti a ntchito za kunja ndawalandira, ndiwayankha mwezi wa mawa.